Tisayeze malipiro a m'tauni ndi maso akumudzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga kudzera m'nyuzipepala yathuyi. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, ndipo mwana wanga wamkazi, yemwe sadakwatiwe, amagwira ntchito ku Lilongwe. Nditamva malipiro ake ndidati basi, feteleza wapezeka. Atachedwa kutumiza ndalama ndidayamba kumunena kuti tauni yamuwononga.

Tsiku lina ndidapita kukamuona ndipo tidakhala pansi ndi cholembera monga ndinkachitira ndi ana asukulu. Ndalama zisadafike m'manja mwake, boma lidula msonkho, ndipo K5 pa K100 iliyonse ipita ku penshoni. Kenaka lendi ya kanyumba kake ku Area 25, imene mwini nyumba amafuna ya miyezi itatu nthawi imodzi. Kenaka minibasi m'mawa ndi madzulo, magetsi, madzi, makala, ufa ndi ndiwo. Ngakhale bonongwe amene ife timaponda m'dimba, iye amachita kugula. Pomaliza masamuwo ndidachita manyazi.

Zoti wosakwatira alibe mavuto n'zabodza. Nyumba imene banja limathandizana kulipira, iye amalipira yekha. Akadwala palibe wina wobweretsa ndalama pakhomo. Paja chili kwa mnzako umati chigwire nyanga.

Tisaiwale kuti Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu 2023. Boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, koma mitengo ya katundu idali itathamanga kale. Kwa ine malipiro okwanira ndi amene munthu akalipira nyumba, kudya katatu ndi kukwera minibasi mwezi wonse, atsalako kangachepe kosungira matenda ndi maliro. Opanda zimenezi ndi ongogwirira mimba basi.

Choncho makolo anzanga, tisanatumize uthenga wopempha, tiyeni tiyambe tafunsa mwana kuti akukhala bwanji. Ana ena akulowa m'katapila pofuna kuti tisawatche ouma manja. Inunso abusa ndi ansembe, pokonza zopereka za chitukuko cha mpingo musamayike mtengo waukulu pa dzina la mwana chabe chifukwa ali m'tauni.

Ine ndidapepesa kwa mwana wanga, ndipo pobwerera kumeneko ndidamusenzera thumba la ufa.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza.