ZISUMBU ZA CHAGOS: MLANDU SUWOLA

Pakati pa nyanja ya mcere ya India, kum'mwera kwa Maldives, pali zisumbu zing'onozing'ono zoposa 50 zochedwa Chagos. Cacikulu mwa izo ndi Diego Garcia. Pa mapu zioneka ngati timadontho cabe, koma mlandu wake ndi waukulu.

M'caka ca 1965 boma la Britain linadula zisumbuzi kuzicotsa ku Mauritius, kutatsala zaka zitatu kuti dzikolo lilandire ufulu. Pakati pa 1968 ndi 1973 eni nthaka onse, amene anali kudalira minda ya kokonati ndi usodzi, anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Mauritius ndi Seychelles kuti America imangepo malo a asilikali.

Msonkhano wa maiko osatenga mbali umene unacitikira mu Lusaka mu 1970 unapempha kuti nyanjayi ikhale dera la mtendere, ndipo bungwe la United Nations linavomereza mu 1971. Atsamunda anatseka makutu. Koma mu 2019 khoti la maiko onse ku The Hague linanena poyera kuti kudula kuja kunali kuphwanya malamulo.

Mu May 2025 Britain inasaina pangano lobwezera zisumbuzi ku Mauritius, koma Diego Garcia ikhalabe ya asilikali kwa zaka 99, ndipo eni ake saloledwa kukamangakonso midzi.

Siginecha payokha siibweza munthu kwao. Cilungamo cidzakwanira pokhapo ana a Chagos akadzalimbirira manda a makolo ao mwaufulu.