Gitala ikamalira ngati njuchi, musathyole mwendo wa pulagi

Funso limene ndimalimva kawirikawiri kwa achinyamata oimba m'makwaya ndi m'mabandi ndi ili: "Gitala yanga ya bokosi ndikailumikiza ku ampulifaya ikungoti mmmm osaleka. Kodi pikapu yafa?" Nthawi zambiri pikapu imakhala ilibe mlandu. Vuto limachokera ku magetsi, ndipo makutu anu angakulozereni pamene pali nthenda musanawononge ndalama.

Choyamba, mvetserani phokosolo bwinobwino. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Akalowerera m'mawu a gitala mumamva kung'ung'udza kwa besi, pafupifupi ngati G wa pa fureti yachitatu ya nsambo yaikulu. Mukamva kulira kosongoka ngati kwa udzudzu, kayikirani adaputa yotchipa, tchaja ya foni kapena ya laputopu. Koma mawu akamatuluka osasa ndi ofooka, limenelo ndi batire.

Za batirezi ambiri sazidziwa. Magitala ambiri a bokosi amakhala ndi batire la 9V m'kati, ndipo limayamba kugwira ntchito mukangolowetsa kebulo. Mukaisiya kebuloyo ili chilowetsere usiku wonse, batire limatha gitala ili chigonere. Mukamaliza kuimba, zulani.

Tsono tiyeni tisake wolakwa. Ine ndimachotsa zonse n'kutsala ndi zinthu zitatu basi: gitala, kebulo imodzi ndi ampulifaya. Kenako ndimatsitsa voliyumu ya pa gitala mpaka pa ziro. Phokoso likapitirira, ndimadziwa kuti silikuchokera mu pikapu, ndipo ndimayesa kebulo ina. Kukakhala zii, ndimabwezera zipangizo chimodzichimodzi mpaka njuchi zija zitabwerera. Chimene ndabwezera pomaliza ndicho mwini mlandu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati muli ndi pedo, iyeseni ndi batire m'malo mwa adaputa. Phokoso likatha, gulani adaputa yopangidwira zoimbira, ndipo onetsetsani kuti mavoti ndi chizindikiro cha + ndi – zikugwirizana ndi zolembedwa pa pedoyo. Oimbira pa sola kapena jenereta dziwaninso kuti invata yotchipa imatulutsa magetsi osasalala, ndipo sipika simabisa zimenezo.

Vuto lina limabuka mukalumikiza ampulifaya ku soketi ina, mikisa ku soketi inanso, kenako n'kuziphatikiza ndi kebulo. Waya wa ethi amapanga mkombero umene umatola phokoso. Mankhwala ake n'kuika zonse pa ekisitenshoni imodzi, kapena kudutsitsa gitala mu kabokosi kotchedwa DI n'kudina batani lolembedwa ground lift. Batanili limadula ethi ya m'kebulo ya mawu yokha, ya magetsi imakhalabe m'malo mwake.

Apa ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi, abale anga. Wina adzakuuzani kuti, "Ingothyola mwendo wautali wa pulagiwo, phokoso litha." Mwina lithadi, koma mwendo umenewo ndi umene umathawitsira magetsi pansi china chake chikawonongeka m'kati mwa ampulifaya. Ukapanda kukhalapo, magetsiwo amafuna njira ina, ndipo njirayo ingakhale dzanja lanu pa kebulo kapena milomo yanu pa maikolofoni. Mu 1972, Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda ethi, anthu akuonerera.

Choncho mukangomva kakunyerenyetsa pa maikolofoni kapena pa chitsulo chilichonse cha zoimbira, musati n'zazing'ono. Zimitsani pa khoma pomwepo, ndipo muitane wodziwa za magetsi ayeze soketiyo. Nyimbo ikhoza kudikira mpaka mawa.