Boma liike muyeso pa machaja olowa m'dziko

M'nyumba zambiri za mu Kabwata, Chelstone ndi Woodlands muli tizipangizo timene timadya magetsi usana ndi usiku popanda wotiganizira. Tikunena machaja a mafoni ndi maadaputa a wailesi, dekoda ndi kompyuta. Nchito ya chaja ndi kutsitsa magetsi a ZESCO kucoka pa mavolti 230 kufika pa mavolti 5 amene foni ifuna. Koma si onse olowa mu chaja amene afika ku foni. Ena asanduka kutentha, ndico cifukwa cake chaja yopangidwa mwacinyengo imatentha m'manja. Ndiponso ikasiyidwa pa soketi yoyatsa, imapitiriza kukoka magetsi ngakhale foni itacotsedwa.

Maiko ena anaikapo malamulo. Ku America kuyambira mu 2016, ndi ku maiko a European Union kuyambira mu 2020, chaja yaing'ono siiloledwa kudya kupitirira mawati 0.1 pamene siili kuchaja kanthu. Kale muyeso wa ku Ulaya unali mawati 0.5. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Chaja yodya mawati 0.5 ikakhala pa soketi caka conse imatha mayuniti 4 ndi pang'ono, pamene ya muyeso watsopano siifika ngakhale yuniti imodzi.

Wina adzati mayuniti 4 pa caka si kanthu, ndipo pa nyumba imodzi akunena zoona. Koma makolo anati madzi atupa ndi a m'njira. Machaja 1 miliyoni otere angataye mayuniti opitirira 4 miliyoni pa caka, osaunikira mwana wa sukulu ngakhale mmodzi. Sitinaiwale caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa nyanja ya Kariba, President Hakainde Hichilema n'kulengeza za tsoka la dziko mu February, ndipo m'makomboni ena malaiti anali kupita maola 21 pa tsiku. Dziko limene linaona zotere siliyenera kuseka yuniti.

Amene apwetekedwa kwambiri ndi mlimi wodalira kasola kamodzi ndi batire. Foni yake ndiyo imalandira ndalama za mbeu ndi uthenga wa feteleza wa FISP. Chaja yoipa imam'dyera moto wocepa umene wasunga, ndipo nthawi zina imaononga foni imene anagula ndi thukuta la caka conse.

Pali funso lina lofunika. Katundu amene malamulo amukana ku Ulaya ndi ku America, kodi apita kuti? Apita kumene kulibe womuyesa. Ife sitifuna kuti Zambia ikhale dzala la machaja okanidwa kwina.

Njira tiidziwa kale. Mu 2017 boma linaletsa kulowetsa m'dziko mababu akale otentha aja, ndipo lero mababu osunga magetsi ali ponseponse. Bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limayendera kale mapulagi, masoketi ndi nthambo za magetsi kuti zisabutse moto. Tipempha kuti bungweli, pamodzi ndi Zambia Bureau of Standards ndi Energy Regulation Board, aike muyeso wokakamiza wa magetsi amene chaja iloledwa kudya.

Koma lamulo likadza, lisayambire pa mnyamata wogulitsa machaja khumi m'mbali mwa Lumumba Road. Iye sanapange chaja, ndipo alibe makina oiyesera. Liyambire pa malire a Chirundu ndi Nakonde, ndi m'nyumba zosungiramo katundu za ku Heavy Industrial Area, kumene makatoni atsitsidwa ambirimbiri. Woitanitsa katundu ndiye ayenera kuonetsa cikalata ca muyeso.

Pakali pano inu owerenga muli ndi mbali yanu. Pogula chaja, onani pamsana pake. Machaja ambiri oyesedwa ali ndi cizindikilo ca VI kapena V mkati mwa kabwalo kakang'ono, ndipo VI ndiye muyeso wapamwamba. Acinyengo angathe kudinda cizindikilo cabodza, n'cifukwa cake tifuna oyesa a boma. Chaja ikamatentha kwambiri kapena kulira, ilekeni. Foni ikadzaza, zimitsani soketi. Izi sizifuna ngwee.