Majumbo mwaletsa, nanga shuga woyeza timange m'chiyani?

Ife a maokala ndi timagolosale kuno kwa Kasisi tatopa nako kuuzidwa kuti tisankhe zonyamulira katundu zosawononga chilengedwe. Tisankhe pakati pa chiyani ndi chiyani? Olankhula zimenezi pa wailesi akuoneka kuti amagula shuga wa paketi yathunthu. Kuno munthu amabwera ndi ndalama ya tsiku lomwelo: shuga wa tiyi wa m'mawa, mchere pang'ono, mafuta a ndiwo za madzulo, kamulu ka usipa. Zonsezi timamanga m'timapepala tapulasitiki tomwe boma likuti n'toletsedwa.

Lamulolo si la dzulo. Linakhazikitsidwa mu 2015, loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Ma micron amenewo ndani mwa ife anawaonapo? Timangopapasa ndi zala. Eni mafakitale anathamangira kukhoti kukatenga chiletso. Mu 2019 khoti la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito, koma ziletso sizinathe, china chikachotsedwa china n'kutuluka, mpaka mu 2025 pamene bungwe loteteza chilengedwe la MEPA linalengeza kuti layamba kukhwimitsa zinthu. Zaka zonsezo akuluakulu akukokana m'makhoti, makina ankagwira ntchito, ife tikupikula majumbo ku Limbe dzuwa likuswa mtengo. Ndiye lero wolakwa akhale mayi wa pa okala?

Musatiyese osamva. Kuipa kwa jumbo timakudziwa kuposa a m'tauni. Kuno kuchigwa chuma chathu ndi mbuzi ndi ng'ombe, ndipo mukafunsa opha mbuzi pa Dyeratu adzakuuzani zimene amapeza m'chifu. Chiweto chimangowonda, mwini wake n'kumataya ndalama pa mankhwala a njoka za m'mimba, chikhalirecho chameza majumbo. Ndiponso zinyalala zambiri si zathu. Za ku Blantyre zimatsika ndi Mudi, kulowa m'Likhubula, kudzathera mu Shire. Madzi a namondwe wa Freddy ataphwa mu 2023, majumbo anatsala ali lendelende m'mabango, ena tikuwafukulabe ndi khasu m'madimba.

Tsono cholowa m'malo mwake n'chiti? Jumbo yokhuthala ndi yololedwa, koma ndi yodula. Ukamuuza kasitomala kuti aigule payokha amakuyang'ana ngati wamubera, mawa umuona ali pa okala ya mnzako amene akupereka yopyapyala mwaulere, yobisa pansi pa kauntala. Womvera lamulo ndiye wogona ndi njala. Ya pepala? Ikanimo matemba kapena tomato, muipereke kwa mwana wothamanga ndi manja athukuta m'dzuwa la Okutobala, muone ngati afike nayo kunyumba. Mafuta ndiye osanena. Atelala akhoza kutisokera zikwama za chitenje, inde, koma chikwamacho chikudula kuposa katundu wolowamo.

Chotipweteka kwambiri n'choti mlaza tili nawo konkuno, oluka madengu aliponso. Amayi athu ankapita kumsika ndi dengu pamutu, botolo la mafuta lili momwemo, mchere n'kumangira pansonga ya nsalu, ndipo palibe anawaseka. Lero mnyamata sanganyamule dengu pa kabaza, ati n'zachimidzi. Amabwera chimanjamanja, sopo mmodzi yekha afune jumbo, machesi afune jumbo ina. Ukamukaniza, iwe ndiye woumira.

A boma, ngati nkhaniyi mwaigwiradi, yambirani kumene majumbowa amapangidwa ndi kumene amalowera m'dziko, kuti tonse tiwasowe tsiku limodzi. Mutipezerenso chomangira chotsika mtengo chomwe tingachipeze komwe timapikula katundu. Inunso makasitomala athu, potuluka m'nyumba tengani botolo la mafuta, kambale ka shuga ndi kadengu kanu, ife tidzakuyezerani momwemo.