Kamba Sadya Mkute wa Pakhomo Pathu

Ine amene ndinakulira kumudzi, kumene kamba tinkakumana naye m'thengo mvula zoyamba zikagwa, chigoba chake chili see ngati mwala wa mumtsinje, ndinagwidwa ndi chisoni chachikulu tsiku lina pamene, ndili kucheza kwa bwenzi langa ku Area 43 mu Lilongwe, ndinaona kamba akukwawa movutika, msana wake utatumphuka timapiri tosongoka, ndipo patsogolo pake pali mbale ya mkute, matumbo a nkhuku ndi chakudya cha agalu chogula m'sitolo.

Mwini nyumbayo sali munthu wankhanza ayi. Anachita monga mwa mwambo wa makolo, pakuti mlendo timampatsa chimene tidya ife eni. Koma Namalenga, amene anagawira cholengedwa chilichonse phoso lake, anaikira kamba wamawangamawanga uja udzu ndi masamba a kutchire, kuti akule pang'onopang'ono monga ayendera. Ndipo akafuna mchere wolimbitsa chigoba, umene ophunzira autcha kashiamu, amakukuta mafupa ouma, ngakhalenso ndowe zoyera za fisi. Tsono tikamkhutitsa nyama, nyemba ndi zina zodzala ndi mapuloteni, thupi limathamangira kukula, zigamba za chigoba zimaunjikana m'mwamba m'malo motambasuka, ndipo impso zake zimalema ndi ntchito imene sizinalengedwere. Alipo kamba wina wamng'ono, wa chigoba chopindika kumbuyo, amene amadyako nkhono, bongololo ndi bowa. Koma iyenso nsima ndi chakudya cha agalu sazidziwa.

Mlandu suli pa mbale yokha. Ofufuza a ku Vienna anapeza m'chaka cha 2003 kuti kuuma kwa malo kumatumphutsa chigoba cha ana a kamba koposa mapuloteni. Ndipo ndani sadziwa mabwalo athu a ku Area 10 ndi Area 12, oseseledwa mbee, kapena makhonde a simenti, kumene m'mwezi wa Okutobala kanyamaka kamasowa ndi tsamba lomwe lonyowa loti kabisalemo? Wotsekeredwa m'nyumba nayenso amasowa dzuwa, ndipo popanda dzuwa kashiamu salowa bwino m'mafupa. Chigoba chikapunduka chapunduka, sichiwongokanso.

Akuluakulu anati kamba amanyera amene wam'tola, ndipo ine nditi udindo wonse uli pa wotolayo. Inu amene muli naye kale, mpatseni udzu, chisoso ndi masamba a kudambo, madzi osaya, dothi lonyowa pamthunzi, ndi malo owothera dzuwa. Ngati zimenezi zikukulemerani, kafunseni uphungu ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa Old Town ndi City Centre. Ndipo inu amene wogulitsa wa m'mbali mwa msewu adzakuonetsani kamba m'thumba, kumbukirani kuti lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017; chonde, musamugule.