Kondakitala wa ku London sayankha mafunso

Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande tamunena zambiri. Mvula ikangoyamba kuwaza, mtengo wakwera. Mafuta akasowa, wakweranso. Chenji amachita ngati waiwala mpaka mutsike. Koma chinthu chimodzi tisamulande: ali ndi pakamwa, ali ndi makutu. Mukamufunsa kuti "Ku Limbe ndi zingati?" amakuyankhani phazi lisanaponde pakhomo, ndipo akakuberani, minibasi yonse imamukuwiza mpaka abweze.

Ku London kondakitala woteroyo kulibe. M'malo mwake kuli kakhadi kabuluu kotchedwa Oyster, kamene bungwe la Transport for London, limene ambiri amangoti TfL, linayambitsa mu 2003. Munthu amathiramo ndalama n'kumakagunditsa pa kachipangizo kachikasu polowa ndi potuluka pa siteshoni. Kuyambira mu 2014 mabasi a mumzindawo salandiranso ndalama zapamanja, ndipo chaka chomwecho khadi ya kubanki inayamba kutsegula zipata za sitima zapansi panthaka. Lero ambiri amangogunditsa foni. Amene anakafikako amabwera akutamanda kuti kulibe mkangano wa chenji, kulibe kuima pamzere wa matikiti. Sakunama. Koma afunseni kuti ulendo wakutiwakuti analipira zingati, ndipo chifukwa chiyani. Muwaona akuyamba kukanda m'mutu.

Ine ndikuti malonda amene wogula amadziwa mtengo atadya kale ali ndi chinyengo mkati, ngakhale atawapaka utoto wowala chotani.

Pa basi sindikudandaula. Mtengo ndi umodzi, kaya mutsika pafupi kaya mukafika kumapeto. Mu 2023 anauika pa £1.75. Meya Sadiq Khan anabweretsa dongosolo la Hopper mu 2016, ndipo lero mukhoza kusintha mabasi kangapo mkati mwa ola limodzi osalipiranso. Mwana wa sitandade 3 akhoza kumvetsa. Ndiye kuti akuluakuluwa akafuna kuphweketsa zinthu amatha.

Tsikirani pansi pa sitima mukaone zina. Mzinda anaugawa m'mazoni, 1 mpaka 9, ozungulirazungulira ngati mkati mwa anyezi, ndipo mtengo umatengera mazoni amene mwadutsamo. Umatengeranso nthawi: Lolemba mpaka Lachisanu, 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4 mpaka 7 madzulo, mtengo ndi wokwera. Mwagwira? Dikirani. Ngati madzulowo mukuchokera kunja kulowa mu zoni 1, mulipira wotsika. Koma ngati mukupita ku bwalo la ndege la Heathrow kudzera mu zoni 1, kuyambira mu 2022 mtengo ndi wokwera tsiku lonse, ngakhale Lamulungu. Lamulo lililonse lili ndi kamwana kake kolitsutsa.

Kenaka pali kachipangizo kapinki. Aka ndiye kamandiseketsa ndi kundipsetsa mtima nthawi imodzi. Pakati pa masiteshoni awiri pangakhale njira ziwiri, ina yodzera pakati pa mzinda, yodula, ina yolambalala, yotsikirapo. Makina sadziwa imene mwadzera. Tsono pa masiteshoni ena osinthira sitima, monga Stratford, Canada Water, Willesden Junction ndi Highbury & Islington, anaimikapo kachipangizo kapinki koti mugunditsepo khadi ngati umboni wakuti munalambalaladi. Kalibe chipata, sikakuimitsani, kangoti njo pambali anthu akukapitirira. Mukapanda kukagunditsa, pa maulendo ambiri makina amangoti munadzera njira yodula. Taganizani kondakitala wa pa Wenela akuuzeni kuti, "Popeza simunandikodole pamene timadutsa pa Kamba, ndikulipiritsani ngati munadzera ku Zomba." Angatuluke wamoyo m'depoti?

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Makina akakayika, amagamula mokomera mwini wake. Ndi Oyster, mukangogunditsa polowa amayamba adula ndalama zochuluka, n'kudzakubwezerani zotsala mukagunditsa potuluka. Mukaiwala potuluka, zapita. Amati ulendo wosamaliza, ndipo chilango chake ndi mtengo wapamwamba kwambiri, umenenso sauwerengera pa malire a ndalama zimene munthu ayenera kulipira pa tsiku. Wina anena kuti woiwala wadzichititsa yekha. Chabwino, koma masiteshoni ambiri a sitima za DLR alibe zipata n'komwe, ndipo kwina usiku zipata zimangosiyidwa zotsegula. Pa basi mumagunditsa pokwera pokha, pa sitima kawiri. Munthu wotopa asokoneze kamodzi, basi wagwa m'mbuna imene anakumba ndi eni njira.

Mbuna zina ndi za m'thumba momwe. Mukagunditsa chikwama chonse muli makhadi awiri, makina akhoza kuwerenga ina polowa, ina potuluka, ndipo mwapeza maulendo awiri osamaliza pa ulendo umodzi. Mukalowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi ya pulasitiki, ngakhale zonse zikutapa mu akaunti imodzi ya kubanki, makina amaona anthu awiri. Foni ikathima batire muli pakati pa ulendo, mwasanduka wokwera wopanda tikiti. Ndipo amene amalipira ndi khadi ya kubanki chipata sichimuonetsa n'komwe kuti chadula zingati. Amawonkhetsa zonse tsiku likatha, ndalama n'kudzachoka pamodzi mwini wake ali m'tulo.

Nanga malire a dera limene Oyster imagwira ntchito? Oyster imakafika ku bwalo la ndege la Gatwick, koma ku Stansted ayi, ngakhale onsewa amatchedwa mabwalo a London. Pa njanji ya Elizabeth line, sitima imodzi yomweyo imalola Oyster mpaka West Drayton, kupitirira apo mpaka Reading pafunika khadi ya kubanki kapena tikiti. Chipata cha pokwerera ku Liverpool Street kapena Paddington chimakutsegulirani bwinobwino osanena kanthu. Mumakadziwira kumapeto, pamaso pa woyendera matikiti, chindapusa chake £100.

Oikira kumbuyo dongosololi ali ndi mfundo, ndipo sindizibisa. Malire a patsiku ndi apasabata amapulumutsa anthu ambiri; mukawafika, maulendo otsala ndi aulere. Nthawi zina kompyuta imaona yokha kuti munangoiwala, n'kukonza. Mitengo yonse inalembedwa pa intaneti. Akuti safunsa anadya phula. Koma kufunsa ndani? Maofesi ogulitsira matikiti pa masiteshoni apansi panthaka anawatseka mu 2015. Ogwira ntchito alipo ndithu, amaima pafupi ndi zipata, koma pa nthawi ya piringupiringu munthu mmodzi ayankha angati? Ndipo mtengo wofuna kuti munthu akhale pansi ndi kompyuta kuti aumvetse anaupangira amene ali ndi nthawi, Chingerezi ndi mtima wodekha.

Tiyerekeze mayi wina wa kwathu kuno, kapena wa ku Chipata, kapena wa ku Harare, mwa ambiri aja amene amasamalira okalamba m'nyumba za ku Britain. Wagwira ntchito usiku wonse, watembenuza odwala, wachapa, watuluka m'mawa maso ali psuu. Tsiku la TfL limasintha 4:30 m'bandakucha, choncho ulendo wake wopita ndi wobwerera wagwera m'masiku awiri osiyana, lililonse ndi malire ake a patsiku. Waweruka 8 koloko, mkati mwenimweni mwa mtengo wokwera. Pa siteshoni yopanda chipata watsika n'kungoyenda, maganizo ali pa bedi. Mapaundi angapo apita. Kwa wa ku banki ya pakati pa London, ndalamayi ndi ya kapu ya khofi. Kwa mayiyu, akaisandutsa makwacha, ndi ndiwo za masiku angapo kumudzi.

Angathe kuitanitsa kuti amubwezere, inde. Atsegule akaunti pa intaneti, alembetse khadi, afufuze ulendo wolakwikawo, afotokoze, zonsezi pasanathe milungu isanu ndi itatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Vuto ndi lakuti ambiri sadziwa n'komwe kuti m'mimba mwapota, chifukwa ndalama ya m'khadi imachoka mwakachetechete, siimveka kutuluka ngati ya m'mpango. Ndipo mu Seputembala 2024, akuba a pa intaneti atathyola makompyuta a TfL, chitseko chomwecho chinatsekeka: kwa milungu yambiri olipira ndi khadi ya kubanki sankatha kuona maulendo awo kapena kupempha kubwezeredwa pa intaneti. Zipata zokha sizinadwale. Zinkadulabe ndalama tsiku ndi tsiku.

Onjezani apa ndalama zogona. Mu 2019 zinamveka kuti m'makhadi a Oyster amene anali atatha chaka osagwira ntchito munali ndalama zoyandikira £400 miliyoni. Eni ake akhoza kukazitenga, koma mlendo amene anabwerera kwawo khadi ili m'sutikesi adzazitenga liti? Khadiyo kale munkaperekera chikole cha £5 chimene ankabweza. Mu 2022 anachisandutsa malipiro a £7 osabweza.

Sindikunena kuti wina anakhala pansi n'kukonza zoba. Malamulowa anaunjikana pang'onopang'ono, lililonse ndi chifukwa chake chomveka: kuchepetsa kuthithikana, kugawana ndalama ndi makampani a sitima, kutseka mipata ya ozemba kulipira. Koma yang'anani kumene madzi amayenderera chisokonezo chikachitika. Sindinamvepo makina akuti, "Sitikudziwa njira imene munadzera, ndiye tidula yotsika." Bungwe limene limadziwa siteshoni imene munthu amatsikira tsiku lililonse kwa chaka chathunthu silinganamizire umbuli tsiku limene waiwala kugunditsa. Ngati likukayika, lidule mtengo wotsika, ndipo ngati likuganiza kuti munthu wazemba, ilo ndilo libweretse umboni. Chipata chionetse mtengo kwa aliyense, wa Oyster ndi wa foni yemwe. Ngati khadi siifika kumene sitima ikupita, zinenedwe pokwerera, mokweza, osati pa chikwangwani cha zilembo ngati nyerere.

Makhadi otere afika kale kufupi. Gautrain ku Johannesburg ili ndi yake, mabasi a MyCiTi ku Cape Town ali ndi myconnect, ku Kigali kuli Tap&Go. Tsiku lina adzabwera wina wa tayi ku Lilongwe ndi zithunzi za London, akulonjeza kuti mkangano wa chenji watha. Ndidzamupempha aonetsenso chithunzi china, cha m'mawa wa Lachiwiri pa siteshoni ya kunja kwa mzinda: anthu akuluakulu ataima duu pafupi ndi chipata, khadi m'manja, maso pa wotchi, sitima yawo ikudutsa, kudikira kuti 9:30 ikwane.