Musanalote FIFA yanu, malizani kagemu kamodzi

Anzanga, nkhani yoti munthu wamba akhoza kupanga gemu yake ya makina akale monga Game Boy ndi yoona. Koma ena mwayamba kale kulonjeza kuti pofika holide mukhala mutapanga mpira ngati uja timasewera pa PlayStation 2 ku tredingi. Aise, bodza limenelo. Maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi kanthu kakang'ono, ndipo tikamalize.

Taonani kaye makinawo. Game Boy inatuluka mu 1989 kuchokera ku kampani ya Nintendo. Sikirini yake ili ndi madontho 160 m'litali ndi 144 m'lifupi, mitundu inayi yokha, ndipo memory yogwirira ntchito ndi 8 KB basi. Chithunzi chimodzi cha pafoni chimaposa pamenepo kambirimbiri. Tinthu toyenda sitingapitirire 40 pa sikirini, ndiponso 10 pa mzere umodzi. Ndiye osewera 22, mpira, refa ndi ochemerera muwaika pati?

Musati makina akale ndi achabe. Super Mario Bros. ya mu 1985 inakwana mu 40 KB. Mu 2019 anthu awiri a ku Germany anatulutsa Micro Mages, gemu yatsopano ya makina akale a NES, nayonso mu 40 KB. Anatha bwanji? Ankagwiritsa ntchito kachithunzi kamodzi m'malo ambiri, mongotembenuza. Kumeneko ndi kusinira, ngati mmene amayi amachitira ufa ukatsala wa m'munsi mwa dengu.

Nanga nthawi? Pokémon yoyamba inatuluka mu 1996 patatha zaka pafupifupi 6 akuipanga, ndipo linali gulu la anthu amene ntchito yawo inali yomweyo. Ife tili ndi homuweki, kumunda, ulendo wapansi m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo JCE imene ikutidikira. Walira mvula walira matope: gemu imakana kuyenda chifukwa cha kolakwika kamodzi, ndipo kukapeza kumatha masiku.

Ndalamanso musaziwerengeretu. Ambiri opanga magemu a makina akale amangogawa ulere pa intaneti. Amene amagulitsa ndi ochepa. Choncho amene akuti sukulu ndi yotaya nthawi chifukwa adzalemera ndi magemu akudzinamiza yekha. Masamu omwe akuwathawawo ndi amene amayendetsa kamunthu pa sikirini: x ndi y, kuphatikiza ndi kuchotsa.

Ena munena kuti ndikugwetsa anthu mphwayi. Ayi ndithu. Njira ilipo. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa GB Studio imene imathandiza oyamba kumene kupanga gemu ya Game Boy, ndipo ikatha imaseweredwa ngakhale pafoni kudzera pa emulator. Imafuna kompyuta, eya, koma ntchito yambiri imayambira papepala. Tengani girafu pepa, dulani mabokosi 16 kwa 16, jambulani nkhuku ndi mitundu itatu. Lembani malamulo: nkhuku ikatola chimanga, maliki amodzi, kabawi akaigwira, gemu yatha. Tsiku lopeza kompyuta mudzafika muli ndi pulani, osati nthano.

Gemu ya sikirini imodzi imene mnzako angasewere n'kuseka imaposa FIFA ya pakamwa. Amene ali ndi chidwi tigawane ntchito: wina wojambula, wina wa malamulo, wina wa masamu. Tipemphenso aphunzitsi atithandize kupeza kompyuta. Koma makope a JCE akhale pamwamba, girafu pepa pansi.

Mnzanu wa Fomu 2